Mzere wa Zaka: Chida Chophunzirira Mbiri ya Kumwera kwa Nyanja

Mwana wa sukulu wa kwa Katuli, kum'mawa kwa boma la Mangochi kufupi ndi malire a Mozambique, amamva mbiri kuchokera mbali ziwiri. M'kalasi aphunzitsi amamuuza zaka, monga 1859, 1891 ndi 1964. Madzulo pakhonde agogo ake amamuuza maina ndi zochitika: nkhondo ya kwa Jalasi, chaka cha njala, masiku amene amuna ankapita ku Wenela. Zonsezi ndi mbiri ya dziko limodzi, koma kawirikawiri m'mutu mwa mwanayo sizikumana, chifukwa aphunzitsi ali ndi zaka zopanda nkhope, pamene agogo ali ndi nkhope zopanda zaka. Nkhani ya lero ikufotokoza chida chimodzi chokumanitsa mbali ziwirizi, ndipo ngakhale zitsanzo zake zachokera kumwera kwa nyanja, omvera a m'maboma ena angathe kuchita chimodzimodzi ndi mbiri ya kwao.

Chidachi ndi mzere wa zaka. Munthu amajambula mzere wowongoka pa pepala, pa bolodi, pa khoma la sukulu, ngakhale pa dothi losesedwa bwino, naugawa m'zigawo zofanana. Kenaka amalemba chochitika chilichonse pamalo pake, zakale kumanzere, zatsopano kumanja. Lamulo lake lalikulu ndi limodzi, lakuti mipata ikhale yoona. Ngati sentimita imodzi ikuimira chaka chimodzi kumayambiriro kwa mzere, iyenera kuimira chaka chimodzi mpaka kumapeto. Apa ndi pamene mzere umasiyana ndi mndandanda wa zaka umene ana amaloweza pokonzekera mayeso. Mndandanda umangonena chimene chidayamba ndi chimene chidatsatira, koma mzere umaonetsa ndi maso kutalika kwa nthawi imene idapita pakati pake.

Phindu la lamuloli limaoneka msanga munthu akayesa kujambula mbiri ya boma la Mangochi. Ku Nkope, m'mphepete mwa nyanja, katswiri wofukula zinthu zakale K. R. Robinson adapeza mapale a mbiya za anthu amene ankalima ndi kusula zitsulo cha m'ma 300 kapena 400, kuwerengera chibadwire Yesu. Mzere woyambira chaka cha 300 kulekeza 2000, pa muyeso wa sentimita imodzi chaka chimodzi, umatalika mamita 17, ndipo sungakwane pa khoma limodzi la kalasi. Woyenda motsatira mzerewo amapitirira mamita 13 asanakumane ndi mzungu woyamba amene adalemba za dera lino, Mpwitikizi Gaspar Bocarro, yemwe mu 1616 adachoka ku Tete kupita ku Kilwa kudzera kumwera kwa nyanja, nalemba za mfumu yamphamvu Muzura. David Livingstone adadzaiona nyanjayi mu Sepitembala 1859, patapita zaka 243. Ulamuliro wonse wa Angerezi, kuyambira 1891 mpaka 1964, umatenga masentimita 73 okha, kutalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Komatu mkono umodziwu ndiwo umadzaza masamba ambiri a mabuku a sukulu, kotero kuti mwana amakula akuganiza kuti mbiri ya kwao idayamba tsiku limene mlendo adafika ndi cholembera.

Wojambula adzaona kuti mamita ambiri a kumanzere ngosalembedwa kanthu. Mipata yoyerayo sitanthauza kuti anthu adali chete. Ankabadwa, ankasamuka, ankamenyana ndi kugwirizana monga achitira anthu a mibadwo yonse, koma panalibe wolemba. Mpata woyera uyenera kusiyidwa momwemo, osaufupikitsa pofuna kusunga pepala, chifukwa ndiwo umakumbutsa wophunzira kuchuluka kwa zimene sizinafufuzidwe.

Pofika cha m'ma 1850 zochitika zimayamba kuthithikana, ndipo mzere umodzi sukwanira. Apa ndi bwino kujambula mizere itatu kapena inayi yoyenda pamodzi monga mizere ya m'munda, yonse pa muyeso umodzi: wa mafumu ndi kusamuka kwa anthu, wa alendo ochokera kunja, wa chipembedzo, ndi wa mvula, njala ndi miliri. Munthu akaimika ndodo pa chaka chimodzi, nidutsa mizere yonseyo, amaona zimene zinkachitika nthawi imodzi.

Pa mzere wa mafumu, Ayao ambiri adafika kumwera kwa nyanja m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, kuchokera kumapiri a kum'mawa, dera limene lero lili m'chigawo cha Niassa, napeza Anyanja ndi Amang'anja atakhazikika kale. Livingstone atadzeranso kuno mu 1866, adayamba wakhala kwa Mataka ku Mwembe, kenaka nafika kwa Mponda, amene adali kale ndi mudzi waukulu kufupi ndi pamene mtsinje wa Shire utulukira m'nyanja. Tsono pa mzere wa alendo, pangano la Angerezi ndi Apwitikizi lodula malire a maiko awo lidasainidwa pa 11 Juni 1891, patapita zaka 25. Kwa anthu a kwa Katuli, amene malirewo ali pafupi ndi minda yawo, kutsatana kwa zaka ziwirizi nkofunika kwambiri. Pali ena amene amanyoza Ayao a m'malire kuti ndi obwera ochokera ku Mozambique, osadziwa kuti makolo a ambiri mwa iwo adafika malirewo kulibe. Sanadumphe malire, koma malire ndiwo adadza nadula pakati pa mbumba, ndipo nchifukwa chake mpaka lero ukwati, maliro ndi chinenero zimadutsa mbali zonse ziwiri. Nzoona kuti midzi ina idaoloka pambuyo pake, makamaka pothawa nkhanza za Apwitikizi, amene adagonjetsa Mataka mu 1912. Choncho palibe chaka chimodzi chokwanira Ayao onse, ndipo mudzi uliwonse uyenera kufunafuna chake.

Mzere wa chipembedzo nawo umayankha funso limene alendo ofika ku Mangochi amakonda kufunsa, lakuti bwanji dera limene amishoni adayambira ntchito yawo pa nyanja lili ndi mizikiti yochuluka chotere. Sitima ya Ilala idalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, ndipo amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, adamanga ku Cape Maclear. Koma mfumu Makanjira idali italowa kale Chisilamu cha m'ma 1870, chifukwa cha ubale wake wa malonda ndi Aswahili a ku gombe la Kilwa ndi Zanzibar. Amishoni aja adakhala ku Cape Maclear zaka zisanu ndi chimodzi zokha, nabatiza munthu mmodzi, Albert Namalambe, ndipo mu 1881 adasamukira ku Bandawe. Ansembe a Katolika adafika kwa Mponda mu Disembala 1889, nachoka mu Juni 1891, atakhala chaka ndi theka. Zaka zimenezi zikaikidwa moyandikana, zimaonetsa kuti Chisilamu chidayamba kufika m'mabwalo a mafumu a Chiyao, ndiponso kuti amishoni oyamba sanakhalitse. Kufala kwake pakati pa anthu wamba kudakula kwenikweni mafumuwo atagonjetsedwa ndi Angerezi, pamene mashehe onga Abdallah bin Haji Mkwanda ankayendayenda m'midzi naphunzitsa.

Chaka cha 1891 chimafuna pepala lakelake. Pa mzere waukulu ndi sentimita imodzi, ndipo mabuku amangoti m'chakachi dziko lidakhala pansi pa Angerezi, ngati kuti zonse zidatha tsiku limodzi. Wophunzira wanzeru amatenga sentimitayo naikuza, nagawa chakacho m'miyezi. Mu Meyi Angerezi adalengeza kuti dzikoli lili m'manja mwao. Mu Juni adagwirizana malire ndi Apwitikizi. Chakumapeto kwa chaka Harry Johnston adamanga linga moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, limene lidatchedwa Fort Johnston, dzina lakale la tauni ya Mangochi. Mu Disembala anthu a Makanjira adapha Kapitawo Cecil Maguire, mkulu wa asilikali a Johnston. Mu Febuluwale 1892 ankhondo a Jalasi, amene mabuku a Angerezi amamulemba kuti Zarafi, adathamangitsa gulu limene lidatumidwa kukamugonjetsa ku phiri la Mangochi, nalanda mfuti yake yaikulu. Makanjira adagonja mu 1893, ndipo Angerezi adamanga Fort Maguire m'dziko lake. Jalasi adalimba mpaka 1895. Motero chimene chidalembedwa pa pepala mu 1891 chidatenga zaka zinayi kuti chitheke kum'mawa kwa Shire. Ndipo pofuna kunena zoona zonse, mzere womwewo uyenera kuonetsanso kuti mphamvu za mafumu amenewa zidachokera ku malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, amene adasautsa kwambiri midzi ya Anyanja. Mwana amene wauzidwa za kulimba mtima kwa Jalasi osauzidwa za akapolo wamva theka lokha la nkhani, monganso amene wauzidwa za akapolo okha.

Ntchito yovuta, imenenso ili yokoma koposa, ndiyo kuika pa mzere mawu a akuluakulu. Pano pali misampha. Woyamba ndi wa maina. Mwa Ayao, monganso mwa Achewa, dzina la ufumu silifa, ndipo amalowa ndi mbale wa mfumu kapena mwana wa mlongo wake. Mponda amene adalandira Livingstone mu 1866 si yemwe adakumana ndi Johnston mu 1891, pakuti woyambayo adamwalira m'zaka za m'ma 1880. Gogo akati izi zidachitika m'nthawi ya Makanjira, kapena ya Katuli, wofunsa ayenera kudziwa kuti ndi Makanjira uti, Katuli uti. Ena amayesa kuwerengera zaka 25 kapena 30 pa mfumu iliyonse, koma njira imeneyi njonyenga kumene ufumu umayenda pakati pa abale, chifukwa abale atatu angathe kulowa ufumu motsatizana m'mbadwo umodzi. Kuonjezera apo, mafumu amene adalamula nthawi yochepa amaiwalika, ndipo ntchito zawo zimapatsidwa kwa woyambitsa ufumu. Buku la Yohanna Abdallah lotchedwa Chiikala cha Wayao, losindikizidwa mu 1919, ndi chuma chachikulu kwa aliyense wofuna mbiri ya Ayao, koma nalonso limayenda motsata maina a mafumu ndi mafuko monga amafotokozera akuluakulu, ndipo woliwerenga ayenera kukhala ndi mzere wake pambali.

Msampha wachiwiri ndi mawu akuti nthawi ya nkhondo. Kwa Katuli ndi madera oyandikana nawo mawuwa angatanthauze zinthu zosachepera zisanu ndi chimodzi. Pali nkhondo za mafumu ndi Angerezi m'ma 1890. Pali nkhondo ya Ajeremani ya 1914 mpaka 1918, imene pa nyanja idayamba pa 13 Ogasiti 1914, pamene sitima ya Guendolen idaononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, ndipo amuna ambiri adagwidwa kukasenza katundu pa ntchito ya tengatenga. Mfuti ya Guendolen ikadalipo pafupi ndi nsanja ya wotchi ya pa Mangochi. Pali nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ya 1939 mpaka 1945. Pali chipwirikiti cha mu Febuluwale 1965, pamene Henry Masauko Chipembere ndi anthu ake adalowa mu Fort Johnston, nalephera kuoloka Shire pa Liwonde, ndipo asilikali a boma adasakasaka m'midzi ya kum'mawa. Pali nkhondo ya FRELIMO ndi Apwitikizi ya 1964 mpaka 1974. Yotsiriza ndi ya FRELIMO ndi RENAMO, imene idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu oposa miliyoni imodzi atathawira m'Malawi. Wofunsa akangolemba kuti agogo adasamuka nthawi ya nkhondo, angathe kulakwitsa ndi zaka 100.

Pamenepa pali chenjezo lina. Zinthu ziwiri zikagwera pa malo amodzi a mzere, mtima umathamangira kunena kuti chimodzi chidayambitsa chinzake. Mu Sepitembala 1964 nduna zina zidasemphana ndi Dr Kamuzu Banda ku Zomba, ndipo pa 25 mwezi womwewo FRELIMO idayamba nkhondo yake ku Mozambique. Kwa munthu wa m'malire zonsezi zidamveka ngati mkokomo umodzi, koma chilichonse chidali ndi mizu yakeyake. Mzere umangoonetsa zimene zidachitika nthawi imodzi, ndipo kufufuza chifukwa chake ndi ntchito ina yotsala.

Nanga chaka chenicheni chimapezeka bwanji ngati wokamba sadziwa zaka? Njira yake ndiyo kumangirira nkhani yake ku chinthu china chimene chaka chake nchodziwika, monga msodzi amangirira bwato ku chikhomo. Chitsanzo chotchuka m'mbiri ya dziko lino ndi cha Angoni a Zwangendaba. Akuluakulu awo ankanena kuti tsiku limene adaoloka Zambezi dzuwa lidada masana. Akatswiri a zakuthambo adawerengera napeza kuti kadamsana wotero adaoneka kumeneko mu Novembala 1835, ndipo nkhani ya pakamwa idapeza chaka chake.

Anthu a kwa Katuli ali ndi chikhomo china chimene madera ambiri alibe, ndicho mwezi wa Ramadan. Chaka cha Chisilamu chimatsata mwezi wa kumwamba, ndipo chili ndi masiku ngati 354, kupereweza masiku 11 poyerekeza ndi chaka cha pa kalendala ya boma. Chifukwa cha ichi mwezi wosala kudya umabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, nuzungulira nyengo zonse pa zaka ngati 33. Udayamba m'mwezi wa Disembala m'zaka za 1933, 1966 ndi 1999. Tsono mayi wokalamba atanena kuti makolo ake adamuuza kuti adabadwa m'Ramadan anthu akubzala chimanga, kubadwa kwake kuli pafupi ndi chimodzi mwa zaka zimenezi. Akaonjeza kuti njala yaikulu ya 1949 idampeza atangotha msinkhu, yankho latsala limodzi, zaka zoyandikana ndi 1933. Mboni ziwiri zosadziwana zagwirizana. Kwa amuna, anzawo amene adavinidwa nawo jando limodzi amathandizanso, chifukwa mmodzi mwa iwo akakhala ndi chikalata cha sukulu kapena cha ku ntchito, msinkhu wa gulu lonse umayandikira kudziwika.

Zikhomo zotere nzambiri, ndipo mphunzitsi aliyense ayenera kukhala ndi mndandanda wake. Mliri wa chimfine udapha anthu mu 1918 ndi 1919. Sitima ya Vipya idamira pa 30 Julayi 1946 ndi anthu 145, ndipo chikumbutso chake chili pa Mangochi. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba mu 1953, nichitha mu 1963. Ndalama za kwacha ndi tambala zidalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni mu 1971. Ndege yonyamula anthu a Wenela idagwa ku Francistown mu Epulo 1974, ndipo boma lidaimitsa ulendo wa ku migodi. Chivomezi chidagwedeza Salima ndi madera ozungulira mu Malichi 1989. Riferendamu idachitika pa 14 Juni 1993. Ana a lero nawonso adzawerengera zaka zawo kuchokera ku njala ya 2002, kolera wa 2022 ndi 2023, ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023.

Mzere wa chilengedwe kawirikawiri umaiwalika, chonsecho ndiwo umatsimikiza nkhani zimene achinyamata amaziyesa nthano. Mkulu akanena kuti makolo ake ankadutsa Shire ndi miyendo, ndi kuti anthu ankalima m'malo amene lero muli madzi, sakunama. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja idaphwa kwambiri kotero kuti madzi ake adaleka kuyenda bwino mu Shire, ndipo mu 1980 idadzaza koposa, nimiza nyumba za m'mphepete. Nkhani ya munda umene udali mwakutimwakuti imamveka mosiyana munthu akadziwa kuti gombe lenilenilo lakhala likusuntha.

Ena angati zonsezi ndi za mayeso a sukulu basi. Si choncho ayi. Mlandu wa malo ukafika pa bwalo la mfumu, funso lenileni limakhala lakuti adayamba kulima ndani, ndipo adachoka liti. Mkangano wa ufumu umatsamira pa kutsatana kwa maina ndi mbumba zimene adachokera. Pa kalembera wa zitupa za unzika wa mu 2017, okalamba ambiri opanda zikalata adayenera kutchula chaka chobadwa, ndipo chaka cholembedwa mongoganizira chimamtsata munthu mpaka kumanda. Mudzi umene udakhala pansi nulemba mzere wake anthu asanakangane uli ndi mboni yosakondera, pamene mzere wolembedwa mlandu utayamba kale umapindika kutsata amene wagwira cholembera.

Sukulu yofuna kuyamba ntchitoyi sifunika zambiri. Chingwe cha mamita awiri chimakwanira zaka 200, kuyambira 1825, ndipo mfundo imamangidwa pa masentimita 10 alionse kuimira zaka khumi. Zaka zotsimikizika zilembedwe ndi inki. Zongoyerekeza zilembedwe ndi pensulo, pamodzi ndi mawu akuti cha m'ma, ndipo zisaikidwe pa kadontho kamodzi koma zitambasulidwe pa zaka zonse zimene zingatheke. Pansi pa nkhani iliyonse palembedwe dzina la woikamba, mudzi wake ndi tsiku limene adaikamba, kuti ikadzasemphana ndi ya wina kudzakhale kotheka kubwererako. Ana asapite kwa amuna okha. Amayi ndiwo amasunga mndandanda wa mbumba, amadziwa amene adabadwira pa bwinja liti, ndipo amakumbukira zimene anthu adadya m'chaka cha njala.

Amuna amene adasenza katundu wa tengatenga adatha onse, ndipo zimene sanazinene zidapita nawo. Amene adaiona njala ya 1949 ali ndi nzeru zokumbukira adapitirira zaka 80. Amene adabwerera ku Wenela mu 1974 ambiri ali m'zaka za m'ma 70, ndipo amene adalandira othawa nkhondo a ku Mozambique m'ma 1980 akadali ndi mphamvu zofotokoza tsatanetsatane. Pokacheza nawo, funso lakuti chidachitika chaka chanji silipindula, chifukwa mkulu amangotchula chaka chilichonse kuti mlendo asachoke chimanjamanja. Mafunso opindula ndi ena: “Agogo, nthawi imeneyo munali msinkhu wanji? Munali mutakwatiwa? Kumbuyo munali mutabereka mwana uti? Ramadan idagwa dzinja kapena chilimwe? Msonkho munkakhoma ndi mashereni kapena ndi makwacha?”